Yankho kwa mayi amene bambo awo akuletsedwa kusuta ali m'chipatala

Mayi, mwafunsa ngati n'chilungamo kuti bambo anu, amene agonekedwa chifukwa cha chifuwa chachikulu cha TB, aziletsedwa kusuta ngakhale kuseri kwa wodi, pomwe usiku sakugona ndipo akukalipira aliyense chifukwa cha chibaba. Ine ndikuona kuti mlonda amene anawalanda ndudu sanalakwe, koma chipatala chimene chimaletsa fodya osathandiza wosutayo chimakhala chagwira ntchito theka chabe.

Utsi wa kuseri kwa wodi sukhala kuseriko. Umalowa pazenera n'kufikira munthu wa mphumu kapena amene akupumira pa okisijeni, ndipotu moto pafupi ndi okisijeni ndi ngozi yaikulu. Kwa bambo anu enieniwo, kusuta kumawonjezera mpata woti TB iwabwererenso ngakhale atamaliza mankhwala a miyezi 6. Pangano la WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse) lolimbana ndi fodya, limene linayamba kugwira ntchito mu 2005 ndipo dziko la Malawi linalowamo mu 2023, ngakhale kuti ndife alimi a fodya, limanena zonse ziwiri: ndime 8 ikukamba zoteteza anthu ku utsi, ndipo ndime 14 ikukamba zothandiza osuta kuti asiye.

Ukali umene mukuuonawo si khalidwe loipa ayi. Ndi thupi limene lazolowera chikonga, ndipo vutoli limakula kwambiri m'masiku oyambirira, kenako limazilala pakatha masabata awiri mpaka anayi. Munthu wotere mumamuona akupapasa m'thumba la malaya mopanda kanthu akangomaliza kumwa tiyi, chifukwa dzanja linazolowera nthawi imeneyo. Chibaba chikabwera chimatenga mphindi zochepa n'kudutsa, choncho inu monga gadiyani muziwapatsa madzi, kapena kuyenda nawo pang'ono pakhonde ngati anamwino alola. Musawazembetsere chingambwe m'basiketi ya chakudya, monga amachitira ena pofuna kuonetsa chifundo, ndipo fodya wamphuno kapena wamkamwa si njira yothawirako chifukwa chikonga chake ndi chomwecho.

Mawa adokotala akamayendera odwala, auzeni mosabisa kuti bambo anu amasuta ndudu zingati patsiku komanso kuti yoyamba amaiyatsa nthawi yanji akadzuka, pakuti zimenezi n'zimene zimasonyeza kukula kwa vutolo. Funsaninso za mankhwala olowa m'malo mwa chikonga, amene amabwera ngati chingamu kapena kachigamba komata pakhungu. WHO inawaika pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2009, ndipo mu 2021 inawonjezerapo mapiritsi othandiza kusiya kusuta a varenicline ndi bupropion, koma awiriwa musawagule panokha popeza bambo anu akumwa kale mankhwala a TB. Tsiku lotuluka, pemphani kuti nkhani ya fodyayi ilembedwe m'buku lawo lakuchipatala, kuti aziifunsidwa nthawi iliyonse akapita kukatenga mankhwala.