Kodi mlaliki aziwerenga mabuku ena kupatula Baibulo?

Mkulu wa mpingo wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akuti akayamba kulalikira anthu amawodzera. Mnzake anamulangiza kuti aziwerenga mabuku osiyanasiyana, koma iye akuopa kusakaniza Mawu a Mulungu ndi za dziko.

Abambo, mantha anuwo ndikuwamva, komabe werengani. Paulo ali ku Atene anatchula mawu a alakatuli achigiriki (Machitidwe 17:28) chifukwa ankadziwa zimene omvera ake ankazilemekeza. Ali m'ndende, imfa itayandikira, anapempha Timoteo kuti amubweretsere chofunda ndi mabuku (2 Timoteo 4:13). Nkhalamba yozizidwa, koma ikufunabe kuwerenga!

Tsono cholinga si kukaonetsa maphunziro pa guwa. Kuwerenga kumatsegula maso kuti muziona mafanizo. Taganizani za mneneri Natani pa 2 Samueli 12. Sanafikire kudzudzula mfumu Davide, amene anatenga mkazi wa mwini. Anayamba ndi kamwana ka nkhosa ka munthu wosauka, kamene kankadya naye limodzi, kumwera m'chikho chake, kugona pachifuwa pake, koma munthu wolemera anakalanda n'kukapha. Davide anapsa mtima n'kuweruza mlanduwo, osadziwa kuti akudziweruza yekha. Fanizo linalowa pamene chidzudzulo chikanapeza chitseko chotseka.

Mwezi watha ndinamva mayi wina wa Chigwirizano ku Kawale akulalikira za chikhulupiriro chozilala. Anati: "Mbaula ya dzulo, kukacha imaoneka ngati yazima, phulusa lokhalokha. Takankhani phulusalo, mupeza kakhala kamodzi kakadali kofiira. Musathirepo madzi, kupizani." Kenako anatsegula 2 Timoteo 1:6, pamene Paulo akuti ukoleze mphatso ili mwa iwe. Amayi amene anayatsa mbaula m'mawa womwewo anangoti zii, ena akupukuta misozi. Mpaka lero sindinaiwale.

Chimene chimandipweteka mtima ndi alaliki amene amangotola mafanizo pa intaneti, za chipale chofewa ndi mbalame zimene sitinazionepo, kusiya mtondo, nkhokwe ndi minibasi yodzaza ya ku Kanengo. Yesu ankanena za mayi wokanda ufa ndi mlimi wofesa mbewu, zinthu zimene anthu ake ankazigwira ndi manja.

Pitani ku National Library ku City Centre. Werengani mbiri yakale, zaulimi, nthano ndi miyambi yathu. Muziyenda ndi kakope m'thumba, chimene chakukhudzani mulembe, kaya mwachipeza m'buku kaya mwachimva pa msika wa Wakawaka. Lamulungu likubwerali mutengeko fanizo limodzi lokha, ndipo mundilemberenso kuti zayenda bwanji.