Musawatsekere m'nyumba, achemwali

Sabata yatha kunabwera imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Blantyre. Amuna awo akumwa midoli kuyambira m'mawa, ntchito inatha kalekale. Ndiye akufunsa kuti: "Ndiwatengere kuti? Kapena ndingowatsekera m'chipinda mpaka mowawo uchoke m'thupi?"

Achemwali, funso lanu lachiwirilo landisowetsa tulo, chifukwa kwathu tinachitapo zimenezo.

Achimwene anga aakulu ndi amene anandilipirira fizi ya sekondale. Anali kalipentala wa dzanja labwino, mipando yawo ina mpaka lero ikadali m'nyumba za anthu. Anayamba ndi Chibuku Loweruka masana, monga amachitira aliyense. Kenako kunabwera masacheti, timapepala tija tokwana m'thumba la shati, toti munthu amamwa ali pantchito anzake osadziwa. Boma litaletsa masacheti mu 2015 tinaomba m'manja, osadziwa kuti mowa womwewo ungosamukira m'timabotolo tapulasitiki. Ndalama zikachepa, achimwene ankapita kwa amayi otcheza kachasu kuseri kwa msika, ndipo ankafuna mutu weniweniwo, osati wosukuluka. Macheka anagulitsa. Pulena anapinyolitsa. Alamu anga anatenga ana n'kubwerera kwawo, ankhoswe atakhala pansi kanayi konse.

Ndiye tinagwirizana pachibale: tiwatsekere. Ine ndi amene ndinagula loko.

Tsiku loyamba ankatukwana, manja akunjenjemera moti kapu ya phala sankatha kuigwira. Tinati ndi matsire chabe. Tsiku lachiwiri thukuta kamukamu, kusanza, tulo osabwera. Usiku wa tsiku lachitatu anayamba kukuwa kuti pakhoma pakuyenda njoka, n'kumalankhula ndi malemu bambo athu. Mayi analira, amvekere mwana wanga amulodza. Azakhali anati tithamangire kwa mneneri wina amene ankapemphera kuphiri. Tikukanganabe, achimwene anagwa pansi n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, thovu kukamwa.

Kuchipatala namwino wina, mayi wachikulire, anandifunsa funso limodzi lokha: "Anasiya liti kumwa?" Nditawauza za loko ija, anandiyang'ana nthawi yaitali. Anandifotokozera kuti thupi la munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku limazolowera mowa, moti ubongo umagwira ntchito molimbana nawo. Ukangouchotsa mwadzidzidzi, ubongowo umathamanga opanda mabuleki. Kunjenjemera kumayamba pakangotha maola ochepa, koma zoopsa zenizeni, kuphupha ndi kubwebweta kuja, zimakonda kufika pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo munthu atha kufa nazo. Anawapatsa mankhwala oletsa kuphupha otchedwa diazepam, mavitamini a B1 ndi dripi. Palibe mfiti imene inatchulidwa.

Tinatsala pang'ono kupha munthu pofuna kumupulumutsa.

Tsopano ndilankhule zimene ena sazikonda. Sindikunyoza pemphero, inenso ndimapemphera. Koma m'busa kapena mneneri amene akuuza banja kuti chidakwa chisale kudya masiku atatu kuphiri, chopanda mowa, chopanda mankhwala, akusewera ndi moyo wa munthu. Ndipo ife tonse tili ndi mlandu. Chidakwa timachiseka pamaliro, timachigulira "kamodzi" kuti chivine tiseke, andale nawonso nthawi ya kampeni amadziwa bwino chimene amagawira anyamata pamsonkhano. Munthu uja akadwala chiwindi, mimba itatupa, ndi pomwe timayamba kunong'onezana kuti anamudyetsa kanthu kuntchito. Anamudyetsa ndani? Tinkamuona tonse.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi mawu akuti "ku mentolo". Mukangotchula Zomba, banja lonse limatukula mapewa, ati m'bale wathu si wamisala. Manyazi amenewa akwirira anthu ambiri. Achimwene anga nawonso anakana kupitako miyezi isanu ndi umodzi, mpaka mnzawo amene ankamwera naye limodzi anapezeka atafa m'ngalande m'mawa wina wa mu Juni.

Ndiye mupite kuti?

Yambirani pachipatala cha boma chimene muli nacho pafupi, mufunse namwino kapena kiliniko ofesa woona za matenda a maganizo. Kwa inu a ku Blantyre, ku Queen Elizabeth Central Hospital kuli kiliniki yotere. Muwauze zoona zokhazokha: amamwa chiyani, wochuluka bwanji, anamaliza liti, komanso ngati amasutanso chamba. Akaona kuti n'koyenera kugonekedwa, atha kuwatumiza ku Zomba Mental Hospital. A St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ali ndi ndondomeko yothandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Muwafunse za malipiro musananyamuke. Mufunsenso anamwinowo ngati akudziwa gulu la Alcoholics Anonymous lokumana kufupi nanu. Gululi linayamba ku America mu 1935, ndi anthu awiri omwa mwauchidakwa amene anaona kuti kucheza okhaokha kumawathandiza kuti tsiku lithe osalawa. Amuna anu akayamba kuphupha kapena kuona zinthu zoti palibe, musadikire kuche. Ndipo ngati akukumenyani, tengani ana muchoke kaye, mukanene ku Victim Support Unit kupolisi. Zosiya mowazo zibwera pambuyo.

Dziwaninso kuti mwina adzayambiranso. Achimwene anayambiranso kawiri, kachiwiriko pa ukwati wa mphwanga, wina atawapatsa botolo kuti "lero lokha". Ndinakwiya moti sindinawalankhule mwezi wathunthu. Anali alamu, omwe aja anachoka, amene anawaperekezanso kuchipatala.

Pano akukhoma mabenchi a tchalitchi china, ndi macheka obwereka. Loko ija ndikadali nayo, ndimakhomera khola la nkhuku.