Chifukwa chake mpandowu umakhala wa munthu mmodzi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene yunivesite kapena chipatala chachikulu chimaikira munthu mmodzi kuti aziyang'anira zomanga nyumba zatsopano komanso kusamalira zakale, m'malo mogawa ntchitozi pawiri. Ine ndimaona kuti kugawako n'kumene kumabala mavuto.

Womanga maso ake amakhala pa tsiku lotsegulira nyumba. Wosamalira amaganiza za zaka 30 zikubwerazo. Akakhala ndi mabwana osiyana, womanga amagula pampu yotchipa n'kuibisa kuseri kwa khoma komwe ngakhale mkono sulowa, ndipo ikafa amene amagwada ndi sipanala ndi wina. Mkulu mmodzi amalamula kuti amisiri okonza aone mapulani konkire isanathiridwe, ndiponso kuti kontrakitala asalandire ndalama zomaliza asanapereke mapulani osonyeza mmene mapaipi ndi mawaya adutsiradi. Pajatu nthawi yoti kontrakitala akonze zolakwika ndi ndalama zake kawirikawiri imakhala miyezi 12 yokha. Ikangotha, bilu ndi yanu.

Koma nkhondo yeniyeni ya mkuluyu ili kubodi, gulu la akuluakulu ovomereza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Lipoti la 1990 la National Research Council, bungwe la akatswiri ofufuza la ku America, linalangiza kuti ndalama zokonzera nyumba pachaka zizikhala 2 mpaka 4 peresenti ya mtengo womangiranso nyumbazo. Kufika pamenepo n'kovuta, chifukwa denga losadontha palibe amalijambula chithunzi. Ndiye mkuluyu kuwotcherera zitsulo asakudziwe palibe kanthu, bola azitha kuwauza a bodi maso ndi maso kuti holo yatsopano idikire kaye, jenereta ndi zikepe zikonzedwe chaka chino.