Mfuti yomasula pakati: yankho kwa achimwene a ku Pretoria

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Pretoria. Akuti akhala ku Joni zaka zambiri, mapepala okhazikika ali nawo, ndipo anzawo a kuntchito anawatengera ku bwalo lowombera chandamale mpaka masewerowa anawalowa m'magazi. Tsopano akufuna mfuti yawoyawo. Koma amakhala m'fulati, galimoto yawo ndi yaing'ono, ndipo safuna kuti aliyense pamasitepe aziwaona ndi chikwama chachitali chodziwikiratu zomwe zili m'kati. Funso lawo ndi lakuti: "Ndamva za mfuti zomasula pakati zomwe amati takedown. Kodi zimawomba molunjika ngati zinazi, kapena ndingotaya ndalama?"

Achimwene, mfuti yomasula anaipangira kunyamula ndi kusunga. Pa kawombedwe sikuwonjezerani kanthu, ndipo mukapanda kuisamala imakuchotserani pang'ono. Ndiye musanapite kusitolo dzifunseni kuti chikukuvutani kwenikweni n'chiyani.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1914 kampani ya FN ku Belgium inayamba kupanga kamfuti ka .22 (ka tizipolopolo ting'onoting'ono) komwe John Browning anakonza, lero kamadziwika kuti Browning SA-22. Ukapotoza mpope, kamagawika pawiri. Mu 1959 kampani ya ArmaLite ku America inatulutsa AR-7, ntchito ya Eugene Stoner, yomwe masiku ano imapangidwa ndi kampani ya Henry. Iyi ndiye yodabwitsa: mpope, makina ndi magazini (mosungira zipolopolo) zonse zimalowa m'kati mwa mbali yotsamira paphewa, n'kutsala kanthu ka masentimita 42 kolemera makilogalamu 1.6. Imanyamulika bwino zedi, koma siinapangidwire kukhala nayo tsiku lonse pabwalo. Pogwira ndi ponenepa, kutsogolo kulibe pogwirira dzanja lachiwiri, ndipo kupepuka kwakeko kumachititsa kuti izigwedera ukamalunjika. Cholinga chake chinali choti munthu wosochera m'tchire apeze ndiwo, ndipo pa ntchito imeneyo ilibe mlandu.

Yomwe anthu ambiri amatanthauza akamati takedown ndi Ruger 10/22 Takedown. Mfuti ya 10/22 inayamba mu 1964, ndipo mtundu womasulawu unabwera mu 2012. Ikalumikizidwa ndi yaitali masentimita 94, imalemera makilogalamu awiri ndi pang'ono, ndipo magazini yake imalowa zipolopolo 10. Ikamasulidwa imasanduka zigawo ziwiri za pafupifupi theka la mita chilichonse. Pa vuto lanu la masitepe ndi buti yaing'ono, apa ndiye mwapeza.

Tsopano tifike pa funso lanu lenileni. Mfuti wamba ili ndi mpope womangiriridwa pamakina ake, ndipo ukaichuna lero, mawa uipeza momwemo. Yomasula ili ndi mfundo pakati. Nthawi iliyonse mukamasula n'kulumikizanso, mpope uyenera kubwerera pamalo ake enieni. Ukangopendama ndi kanthu kochepa ngati tsitsi, pa mamita 50 chipolopolo chimatera pena.

Chomwe ambiri sauzidwa pogula n'chakuti nkhani yagona pa malo pomwe choyang'anira chakhala. Pa 10/22 Takedown timano tachitsulo toyang'anira tonse tiwiri tili pampope. Mpope ukapendama, timanoto timapendama nawo limodzi, ndiye komwe mwaloza n'komwe chipolopolo chipite. Vuto limayamba mukaika scope (choyang'anira chagalasi chokuza chandamale) pambali ya makina, pomwe mpope uli mbali ina ya mfundo. Diso likuona kuno, mpope ukuloza uko. N'chifukwa chake ena amagula chomangira scope chokhala pampope penipeni. Kampani ya Blaser ku Germany, yomwe mfuti zake za ulenje zimasinthidwa mipope, inathetsa vutoli mwa njira yomweyo, kungoti mtengo wake si wa anthu ngati ife.

Ine zinandionekera. Ulendo wanga woyamba ndi mfuti yotere, yobwereka kwa mnzanga pabwalo, zipolopolo zinkamwazika papepala ngati chimanga choponyera nkhuku, ndipo ndinabwerera kunyumba nditakhumudwa poganiza kuti manja anga ndiwo olakwa. Sabata yotsatira bambo wina wachikulire anaigwira, naigwedeza pamfundo, ndipo tonse tinamva kulewa. Pali kamkombero kozungulira tsinde la mpope komangitsira mfundoyo. Anakapotoza pang'ono mpaka mfundo inagwira, ndipo mabowo anasonkhana pamodzi. Kamkombero kameneko muzikayang'ana, ndipo pamfundo pazikhala poyera. Fumbi la kuno m'nyengo yozizira likasakanizika ndi mafuta limapanga phala lomwe limalepheretsa zitsulo kugwirana bwino. Mukafika pabwalo, zipolopolo zoyamba zikhale zoyesera musanayambe kuwerenga mapointi.

Ngati cholinga chanu ndi kusangalala Loweruka, kuwomba mapepala ndi timbale tachitsulo pa mamita 25 kapena 50, kusiyana kumeneku simudzakuona n'komwe. Koma ngati mtima wanu uli pa mpikisano wolowetsa zipolopolo zisanu m'bowo limodzi, siyani zomasula. Gulani mfuti yokoka ndi dzanja ngati CZ 457 ya ku Czech Republic, mupirire ndi chikwama chachitali.

Pali nkhani ya malamulo yomwe simunafunse, koma ingathe kusintha maganizo anu onse. Ku South Africa lamulo lake ndi Firearms Control Act ya 2000. Musanapemphe laisensi mumayenera kukhala ndi satifiketi yosonyeza kuti mukudziwa kugwira mfuti, ndipo imeneyi amapereka kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Abale athu ambiri a mapepala a ntchito okha amathera pomwepa. Chachiwiri, mfuti zonse zitatu zomasula ndatchulazi ndi zodzilowetsa zokha chipolopolo china ukangowomba. Gawo 15 la lamuloli, la owomba mwa apo ndi apo, silivomereza mfuti zazitali za mtundu umenewu. Mumafunika gawo 16, la wamasewero wodzipereka, kutanthauza kuti mukhale membala wa bungwe lovomerezeka lomwe lingakuchitireni umboni. Funsani akuluakulu a kalabu yanu ndalama zisanachoke m'thumba.

Ndipo mfuti ikamasulidwa siisiya kukhala mfuti. Kunyumba malo ake ndi m'bokosi lachitsulo lokhoma lovomerezeka, osati m'dirowa ya zovala chifukwa choti ikukwanamo. Ubwino wake ndi wakuti bokosi lalifupi limakwana, ndipo m'fulati zimenezi zimathandiza. Panjira iyenera kukhala yophimbidwa yonse, m'chikwama chopangidwira ntchito imeneyo. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: chikwama cha mfuti yomasula chimaoneka ngati cha laputopu, ndipo akuba a m'magalimoto amafuna zomwezo. Musachisiye pampando n'kulowa m'sitolo, ngakhale kwa mphindi ziwiri. Musaipeputsenso poona kuti ndi .22. Kachipolopolo kameneka kamauluka kupitirira makilomita 1.5 ndipo kamapha. Musanamasule kapena kulumikiza, chotsani magazini, tsegulani makina, onani ndi maso kuti m'kati mulibe kanthu.

Munatchulanso zoti mwina mudzapita nayo kumudzi pa Khirisimasi. Chonde achimwene, laisensi ya ku Pretoria imathera pa Beitbridge. Basi yopita ku Blantyre imadutsa Zimbabwe, kulowa Mozambique pa Nyamapanda, kenako Malawi pa Mwanza, ndipo dziko lililonse lili ndi zilolezo zake. Apolisi a ku South Africa ayenera kuvomereza kuti ituluke, a ku Malawi kuti ilowe. Kukwana kwake m'sutikesi kusakunyengeni. Wapamalire akaipeza pakati pa zovala yopanda mapepala, adzaona munthu wobisa chida, ndipo zoti ndi ya masewero mudzazifotokozera kukhoti.

Ndikanakhala inu, ndikanapempha wina wa pakalabu yemwe ali ndi 10/22 Takedown kuti ndiyese. Wombani zipolopolo 10, masulani, lumikizani, wombaninso 10 papepala lomwelo. Chitani zimenezi katatu. Ngati mabowo akukusangalatsani, yambani za mapepala a gawo 16, ndipo mudzandilembere kuti pepalalo linaoneka bwanji.