Nsanja ya foni siphika ma enzayimu m'thupi

Achemwali, mwanena kuti mwana wanu akumva mutu ndipo mukuopa kuti nsanja ya foni yapafupi ikuwononga ma enzayimu m'thupi. Mtima m'malo, musasamuke pa nyumba yanu ya ku Ulongwe chifukwa cha nsanja ya foniyo. Palibe umboni wotsimikizika woti mafunde ofooka a foni kapena Wi-Fi amawononga ma enzayimu, tinthu tija timene timagaya chakudya ndi kuyendetsa ntchito zina m'thupi.

Chimene chimawapha ndithu ndi kutentha. Mayi anga amaphika thobwa zaka zambiri pafupi ndi nsanja. Akathira chimera m'phala lofunda, phala limapyapyala nkuyamba kutsekemera, umeneyo ndi enzayimu wa m'chimera akugaya ufa. Akathira phala likubwadamuka, thobwa lafa basi. Nsanjayo sinasinthepo kukoma kwake. Rauta, kabokosi kofalitsa Wi-Fi, imatulutsa mphamvu yokwana pafupifupi mawati 0.1, pamene mayikirowevu yotenthetsera chakudya imafika mawati 800 kapena kuposa. Dzuwa la Okutobala ku Tete limakutenthani kwambiri kuposa rauta.

Zoona, ofufuza ena anaona kusintha kwa enzayimu wotchedwa catalase mu makoswe amene anawaika pa mafundewa, koma ena atayesanso sanapeze zofanana. Mu 2011 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaika mafundewa m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, makamaka poganizira foni yogunditsa pakhutu nthawi yaitali. Ine ndikamacheza motalika ndimaika pa sipika.

Koma mutu wa mwana umene mwanenawo musaunyalanyaze. Pitani naye kuchipatala akamuyeze malungo ndi magazi mawa lomwe.