Injini ikazima m'mwamba, ndege yaing'ono imatani?

Bambo wina wa ku Nchalo watilembera imelo. Akuti amaona tindege tikudutsa pamwamba pa minda ya nzimbe, ndiye akufunsa ngati kutentha kwa kuchigwa kuno kungazimitse injini, komanso ngati ndege imagwa ngati mwala injiniyo ikazima.

Bambo, siigwa choncho ayi. Mapiko amainyamulabe malinga ngati ikupita kutsogolo. Pa ndege yaing'ono ya mtundu wa Cessna 172, woyendetsa amaweramitsa mphuno pang'ono n'kusunga liwiro la makilomita pafupifupi 120 pa ola. Ikakhala mamita 1,000 m'mwamba, imatha kuyandama mtunda wa makilomita ngati 9 isanafike pansi.

Kutentha pakokha sikuzimitsa injini, kumaifooketsa. Masana a mu Okutobala kukafika madigiri 42, mpweya umapepuka ndipo ndege imachita ngati bwalo lakwera mamita 1,000. Imathamanga mtunda wautali isananyamuke, n'kumakwera mwaulesi. N'chifukwa chake odziwa ntchito amanyamuka m'mamawa kapena amachepetsa katundu.

Kawirikawiri vuto limakhala pa mafuta. Ndege zimenezi zimamwa petulo wake wotchedwa avgas 100LL, wamtundu wabuluu. Thanki ikagona yosadzaza, chinyontho cha usiku chimasanduka madontho m'kati mwake, komanso mvula imalowa ngati labala wa pachivundikiro watha. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhazikika pansi pomwe paipi imakokera mafuta. Asananyamuke, woyendetsa ayenera kukhetsera mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera kuchokera pansi pa thanki iliyonse. Madzi akakhalamo amaoneka ngati timikanda pansi pa kabotoloko. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi, koma anthu afa chifukwa choidumpha.

Palinso mavu omanga ndi dothi aja. Ndege ikakhalitsa pabwalo, amamata kapaipi kolowetsa mpweya m'thanki. Injini imalira bwinobwino pansi, koma m'mwamba mafuta amasiya kutsika.

China mwina mungachikayikire: ayezi. Petulo akamasanduka nthunzi mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, m'katimo mumazizira ndi madigiri 20 kapena kuposa poyerekeza ndi kunja. Tsiku lachinyontho m'dzinja, makamaka potsika injini itachepetsedwa mphamvu, ayezi amamera pakhosi pa kabuleta ngakhale anthu pansi akutuluka thukuta. Injini imayamba kutsokomola. Mankhwala ake ndi kukoka kachogwirira kolowetsa mpweya wotentha, ndipo osakabweza msanga, chifukwa injini imayamba yatsokomola kwambiri ikamameza madzi osungunukawo.

Nthawi yoopsa zedi ndi pamene ndege yangonyamuka kumene. Injini ikazima pa mamita 100, mtima umafuna kubwerera kubwalo. Pokhota mwamphamvu liwiro lili lochepa, phiko limodzi limaleka kunyamula, ndege n'kuzondoka. Apa ndiye pamene imagwadi ngati mwala. Ophunzitsa amati weramitsa mphuno nthawi yomweyo, tera kutsogolo, tseka mafuta ndi magetsi, ndipo masula chitseko kuti chisakanirire.

Kuchigwa kuno malo athyathyathya alipo ambiri, koma si onse abwino. Nzimbe zazitali ndi matope a ku Elephant Marsh zimagwira matayala, ndege n'kugudubuzika. Msewu wa M1 uli ndi njinga, ng'ombe ndi mawaya a magetsi osaoneka bwino uli m'mwamba. Munda wodulidwa kumene ndiye wabwinoko, ndipo potera azitsata mizere, osaidula.