Mwaitanidwa ku bungwe la anthu a ku Scotland? Yambirani ku gule

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito ya unamwino m'tauni ina ku England. Akuti mnzawo wa kuntchito, mayi wachikulire wobadwira ku Scotland, sakuwapatsa mpata, akufuna alowe nawo bungwe la anthu a kwawo la m'tauniyo. Funso lawo ndi lakuti anthuwa akasonkhana amachita chiyani chaka chonse, komanso ngati Mmalawi wopanda ngakhale dontho la magazi a ku Scotland sangakasowe pogwira.

Achemwali, pitani ndithu. Koma musayambire pa tsiku lawo lalikulu.

Mabungwe amenewa ambiri ali kunja kwa Scotland, ndipo amadziwika ndi mayina monga Caledonian Society kapena St Andrew's Society. Akalekale sanayambe ndi zovina ayi. La ku Boston, Scots' Charitable Society, linakhazikitsidwa mu 1657 kuti lizithandiza anthu a ku Scotland amene adwala kapena kusauka kuchilendo, ndipo la ku Charleston linabwera mu 1729 ndi mtima womwewo. Amene anamvapo za mabungwe a maliro a Amalawi ku Joni ndi ku Zimbabwe akudziwa kale nkhaniyi. Lero njala inachepa, chotsala ndi kusungulumwa ndi kupukwa kumudzi, ndipo ndi zimene zimawasonkhanitsa.

Chaka chawo nthawi zambiri chimayamba kuzizira kukamayandikira, cha mu Seputembala kapena Okutobala. Misonkhano wamba ndi yosadzionetsera: holo ya tchalitchi, mipando yopinda, tiyi m'makapu osafanana, mabisiketi a batala otchedwa shortbread, ndi munthu mmodzi wokamba za mbiri kapena kuonetsa zithunzi za zilumba za kwawo. Ambiri ndi a imvi, ndipo dandaulo lawo ndi lakuti achinyamata sakubwera. N'chifukwa chake mnzanuyo wakukakamirani chonchi.

Pakati pa misonkhano imeneyi pamakhala ceilidh, amatchula kuti "keili". Apa ndi pamene ndikuti muyambire. Ndi gule wa aliyense, woyimba ali ndi akodiyoni ndi vayolini, ndipo patsogolo pamaima munthu wofuula masitepe: gwiranani manja, zungulirani, sinthanani. Palibe amene amayembekeza kuti mukhoze. Pa gule wotchedwa Strip the Willow amuna amaima mzere wawo, akazi wawo, ndipo inu mumatsika pakati mukukolana chigongono ndi munthu aliyense mmodzimmodzi mpaka chizungulire. Pofika kumapeto kwa mzere mwagwirana ndi anthu onse m'holomo, ena mwawaponda, onse akuseka ali thukuta kamukamu. Chilendo chimakhala chathera pomwepo. Valani nsapato zafulati.

Pa 30 Novembala ndi tsiku la Andreya Woyera, mtumwi uja m'bale wake wa Petro, amene mtanda wake woyera wopingasa uli pa mbendera yabuluu ya Scotland. Limeneli limakhala phwando la matikiti, amuna atavala kilt, siketi yachimuna ya kwawo, akazi madiresi aatali ndi kansalu ka tartan, nsalu ya mizere yopingasana ya mafuko awo, paphewa. Musavutike kusaka tartan ya fuko la eni ake. Chitenje chosokedwa bwino chimakwana, ndipo mudzatopa ndi kuyankha kuti munachigula kuti. Kilt imeneyo amainyadira pa chifukwa: oukira boma, ambiri a iwo a kumapiri a Scotland, atagonjetsedwa pa nkhondo ya ku Culloden mu 1746, boma la Britain linaletsa amuna a kumapiri kuvala zovala zawo, ndipo lamulolo linachotsedwa mu 1782.

Usiku wa 31 Disembala, umene amautcha Hogmanay, ambiri amauchitira m'makomo. Mwambo wake ndi wakuti woyamba kulowa m'nyumba chaka chikangosintha abwere ndi khala, shortbread kapena wisiki, ndipo amati wa tsitsi lakuda ndiye wamwayi. Pamenepo ife tilibe wopikisana naye.

Ndiye pamabwera 25 Januwale, tsiku lobadwa la mlakatuli wawo Robert Burns, amene anabadwira ku Alloway mu 1759 n'kumwalira mu 1796 ali ndi zaka 37. Anzake anayamba kumukumbukira ndi mgonero mu 1801, ndipo mpaka lero mgonero umenewu ndiye mzati wa chaka chonse. Anthu akakhala pansi, mumangomva chitoliro cha thumba chija chikulira pakhomo, nonse mumaimirira. Woliza ali patsogolo, wophika pambuyo atanyamula haggis, chakudya chawo cha zam'kati za nkhosa, m'mbale yaikulu, anthu akuwomba m'manja. Kenako bambo wina amayamba kuilakatulira ndakatulo haggis yomweyo, akuyang'ana chakudya ngati chikumva, akupukuta mpeni pamkono wa jekete. Akafika pa vesi yake amaibaya, nthunzi n'kutuluka, fungo la tsabola n'kudzaza chipinda, matambula a wisiki m'mwamba.

Haggis ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, zogaya pamodzi ndi oti, anyezi, mafuta ndi tsabola, zophikira m'chifu cha nkhosa yomweyo kapena m'thumba lopangira. Amadyera mbatatesi yosinja ndi tanaposi wa mizu wachikasu, wosinjanso. Angelezi ena amachita nayo nkhope, ndipo ku America salola kuitanitsa yeniyeni kuyambira 1971 chifukwa cha mapapowo, koma munthu amene anakula akudya zam'kati za mbuzi adzapempha yowonjezera.

Chovuta pa usiku umenewu ndi zolankhula. Ndi zazitali, ndipo ndakatulo zake zili m'chiyankhulo cha Scots chimene ngakhale Angelezi chimawapita pambali. Munthu wosadziwa aliyense amangokhala duu, akuseka chifukwa ena aseka. Koma mukakhala kuti munavina nawo kale mu Okutobala, wina adzakunong'onezani tanthauzo, ndipo mudzakondwa ndi gawo limene mwamuna mmodzi amanyogodola akazi, mkazi mmodzi n'kuimirira kubweza moto, kawirikawiri woposa. Pomaliza onse amagwirana manja mopingasa n'kuyimba Auld Lang Syne. Ndinene pano kuti Burns yemweyu, amene amamutamanda polembera anthu wamba, mu 1786 anatsala pang'ono kupita ku Jamaica kukagwira ntchito pa munda wa akapolo, chinamuletsa ndi kuyenda malonda kwa buku lake loyamba. Wolankhula wabwino amaitchula nkhaniyi, waulesi amaidumpha.

Kukayamba kufunda zinthu zimazilala. Pamakhala msonkhano waukulu wa pachaka, kuwerenga ndalama, kusankha komiti, aliyense akuyang'ana pansi kuti asamusankhe ulembi. M'chilimwe ena amapita kukaonera masewera a Highland, kumene zimphona zimaponya chithunthu cha mtengo kuti chigadabuzike n'kugwa molunjika. Otchuka ndi a ku Braemar, Loweruka loyamba la Seputembala, koma ku England komweko kuli a ku Corby, tauni imene inadzaza ndi anthu a ku Scotland obwera kudzagwira ntchito ya zitsulo m'ma 1930.

Za kusowa pogwira, iwalani. Mukangoti "Malawi", wina adzakuuzani kuti David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa kwawo mu 1813, ngati kuti inu simudziwa kumene mzinda wathu unatenga dzina. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, Kamuzu anaphunzira udokotala ku Edinburgh, ndipo mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, nduna yaikulu ya Scotland panthawiyo, anasainirana pangano la mgwirizano wa mayiko awiriwa. Ngati ndinu a CCAP, nyimbo zina adzayambitsa iwo inu n'kumaliza. Konzekani, sipatenga nthawi asanakupempheni kuti mudzakambe za kwanu pa msonkhano wa tiyi uja. Mudzakambe Malawi wa lero, chifukwa ena anaima pa nkhani za amishonale ndi zitsime.

Mabungwe ena akale amafuna umboni wa makolo a ku Scotland kuti munthu akhale membala wovota, ena amangofuna chapachaka, choncho mufunse mnzanuyo za malamulo a kwawoko. Ndipo poti ntchito yanu ndi ya mashifiti, pemphanitu ofu ya Loweruka loyandikira 25 Januwale Khirisimasi isanafike, matikiti a mgonero umenewu sachedwa kutha.